Nyali ya m'chitsime ndi makina a Senyoro Amadeu

Tomé mwana wanga, tsiku lija unandionetsa pa telefoni munthu atanyamula kabokosi ka mlongoti, akuti kamanunkhiza golide ngakhale ali kuseri kwa phiri, ndipo unati ugulitsa njinga yako yamoto kuti ukagule. Ine ndinaseka, iwe unapsa mtima, amako anandikalipira. Pakamwa sindingathane nawe, umalankhula ngati wailesi, ndiye ndaona kuti ndilembe. Uwerenge mpaka kumapeto, ukatha upatse alongo ako. Makina amenewo ine ndinawaona ndi maso angawa iwe usanabadwe, ndipo anatsala pang'ono kundidyera anthu.

Chidzolomondo, ufulu utangobwera

Ntchito yanga yoyamba ya boma inali yokumba zitsime. Anandiika m'gulu la okumba, birigada ya mmisiri wamkulu, a mesitiri Fabiyao, bambo wamfupi, wogontha khutu limodzi chifukwa cha migodi ya ku Rodeziya kumene anagwira ntchito ali mnyamata. Polankhula ankachita kufuula ngati uli kutsidya la mtsinje, pomwe uli nawo pamphuno. Ndiwo anandiphunzitsa kugwira pikareta, piki yokumbira ija, m'dzenje lopanikiza, kuwongola khoma ndi pirumu, kachitsulo kolendewera pa chingwe kaja, ndi kuumba manilya, mphete za simenti zotchinjiriza chitsime kuti chisagumuke. Zonsezo ndinaphunzira, koma chimene ndimawathokoza nacho mpaka lero ndi nyali.

Tinkakumba chitsime chakuya pafupi ndi kantina, sitolo ya Mpwitikizi wina amene anathawa ufulu ukubwera. Lolemba lina m'mawa ine, ndi changu cha unyamata, ndinadzimanga chingwe m'chiuno ndi kuponya mwendo m'dzenje anzanga asanamalize n'komwe kusuta fodya. Ndinangomva chipewa chandigwera pakhosi, phwa! A mesitiri amenewo.

"Iwe Jerivaziyo, wakutuma ndani? Amako ali ndi ana angati kuti mmodzi atayike?"

Anayatsa nyali, naimanga pa chingwe, naitsitsa pang'onopang'ono ife titasuzumira. Pakati pa dzenje moto unayamba kuchepa, unasanduka wabuluu, kenako zii. Mpweya woipa unali utadzaza pansi chitsime chitakhala Sabata lonse osalowamo munthu. Anaikoka nyali ija n'kundipatsa m'manja, ikadali yofunda. "Imeneyi ndiwe," anatero. "Choyamba kutsika chizikhala chinthu choti chikafa sitimanga chisasa cha maliro. Munthu pambuyo." Tinamanga nthambi zamasamba pa chingwe, kukweza ndi kutsitsa mpaka mpweya utasintha, nyali inatsikanso n'kubwerako ikuyaka, ndiye ndinalowa.

Kunkabweranso anthu a timitengo ta mphanda, oti akamayenda kamtengo kamawerama pamene pali madzi. A mesitiri sankawatukwana ayi. Ankawapatsa mpando, iwo n'kupita kukayang'ana pamene pamera katope ndi mkuyu, n'kufunsa amayi a m'mudzi pamene nthaka imachedwa kuuma, n'kukumba kadzenje koyesera. Nditawafunsa za timitengo tija anandipatsa pirumu nati, "Gwira, dzanja lisagwedezeke. Tsopano ganiza kuti kakupita kumanzere." Ha! Kachitsulo kaja kanayamba kugwedezeka kumanzere, ine ndikulumbira kuti dzanja ndaliumitsa. Iwo anaseka mpaka kutsokomola. Anati chinthu cholendewera chimamvera dzanja, ndipo dzanja limamvera zimene mwini wake akufuna. Za kantina ija anthu ankati mwini wake anakwirira golide pansi pa simenti asanathawe. Aliyense ankanena, koma woti anaona ndi maso sindinakumane naye.

Furancungo, chilala cha 1983

Pofika chaka chimenecho a mesitiri Fabiyao anali atatisiya, Mulungu awasunge, ndipo birigada inali m'manja mwanga. Anthu anayamba kunditcha mesitiri, dzina limene linkandilemera. Nkhondo inali italowa m'midzi, anthu akuthawira ku boma ndi mitolo pamutu, kumanga misasa kuseri kwa chipatala. Mvula inakana. Mchere unasowa, sopo tinamuiwala, amayi ankavala masaka. Simenti inkabwera ndi koluna, mdipiti wa malole operekezedwa ndi asilikali kuchokera ku Tete, ndipo koluna ikachedwa tinkangokumba n'kumapemphera kuti khoma lisatigwere. Parafini wa nyali kunalibe, ndiye amako ankandisinjira nsatsi kuti ndipeze mafuta. Anzanga ankandiseka kuti mafuta oti ana adzole ndikuwotchera m'dzenje, koma m'chitsime changa simunkalowa munthu nyali isanatsike.

Amene ankatiyang'anira anali a shefe Mateusi, munthu wochokera kumwera, wowonda, wa magalasi omanga ndi waya. Za iwo ndinene zoona, sanali wakuba. Ndinawaonapo akugawa ufa wa kunyumba kwawo kwa amayi a m'misasa, iwo n'kugonera tiyi wopanda shuga. Njala ya anthu aja inkawadya mutu kuposa yawo. Ndipo m'birigada yanga munali Zakeyu, wokumba woposa onse, mwamuna wa nthabwala zosatha, wothawa ku Chidzolomondo komweko ndi mkazi wake ndi kamwana kamodzi, Luwiza. Zakeyu akakhala pansi pa dzenje ankaimba nyimbo zonyoza ife okoka ndowa, akuti tikukoka ngati tadya therere lokhalokha. Koma chaka chimenecho nyimbo zinachepa, chifukwa Luwiza anali atayamba kutupa mapazi.

Tsiku lina koluna inatsitsa mlendo wa jekete lachikopa ndi nsapato zonyezimira, Senyoro Amadeu. Anali ndi bokosi lakuda lokhala ndi chogwirira, pamwamba pake mlongoti wopyapyala wonga wa wailesi, umene unkazungulira wokha pa kamsomali. M'mbali munali kachitseko. Ankati ukaikamo kachidutswa ka golide makina amafuna golide, ukaikamo khoko la chipolopolo amafuna zida ndi mina, mabomba okwirira aja. Anati anawagula ku Joni ndipo amamva chinthu chili mtunda wa tsiku lathunthu. Pabwalo la ofesi anaonetsa anthu. Anaika mphete yake pansi pa chipewa, anthu onse akuona, nayenda mozungulira, mlongoti uja n'kutembenuka mwaulemu kuloza chipewa. Amayi anaimba nthungululu. Kenako anaima chilili, natambasula dzanja, mlongoti n'kuloza njira ya ku Chidzolomondo. "Uko kuli golide wambiri," anatero, "pansi pa nyumba ya simenti." Anthu anayang'anana. Ine mumtima ndinati, asa, nkhani imeneyo ngakhale dalaivala wa lole akanakuuzani pa njira.

Madzulo ake a shefe anandiitana. Maso awo anali akuwala, chinthu chimene ndinali ndisanachione miyezi yambiri.

"Mesitiri, mawa mukonze zida. Birigada yanu ipita ku kantina ija ndi Senyoro Amadeu ndi asilikali ochepa. Golide ameneyo tikagula naye chimanga ku Malawi, anthu awa adye."

"A shefe, njira imeneyo ili ndi mina. Ng'ombe ya anthu inaphulika pomwepo mwezi wathawu."

"N'chifukwa chake makinawa ndi mwayi wathu. Amaona mina. Adzatiuza poponda."

Ndinapempha chinthu chimodzi chokha, kuti titsitse kaye nyali. Sanamvetse, ndiye ndinawafotokozera za a mesitiri Fabiyao, ndi kuti kwathu kuzitsime sitiyesera chinthu pa munthu. Anagwedeza mutu navomera, mwina pofuna kuti ndikhale chete.

M'mawa mwake tinakumana pa chitsime chimene tinkakumba kuseri kwa chipatala. Pamenepo panali milu yambiri ya dothi lofukula. Ndinabwereka kwa asilikali chitini chachitsulo cha zipolopolo, ndinapempha Senyoro Amadeu kuti akadikire kuseri kwa nyumba ndi a shefe, ndipo ndinachikwirira ndekha m'mulu umodzi, anthu onse atafulatira. Milu ina ndinaipalasapalasanso kuti ifanane. Atabwera, mwini makina anaika khoko la chipolopolo m'kachitseko kaja nayamba kuyenda. Mlongoti unapita uku, unabwerera uku, unazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Iye ankangotiyang'ana kumaso, makamaka ine, koma ine maso anali pa zala za kumapazi kwanga. Potsiriza anakwera pa mulu wina kuti aone bwino, natambasula dzanja, mlongoti n'kuloza mulu wa kufupi ndi mtengo wa mango.

"Apo!" anatero.

Zakeyu anafukula apo mpaka pansi. Dothi lokhalokha. Ine ndinatenga fosholo n'kunena kuti, "Senyoro, tasunthani phazi." Ndinafukula pamene anaponda, fosholo n'kugunda chitini, ngwee!

"Senyoro, inu mwafa kale," ndinatero. "Chikanakhala mina, bwenzi tikutola nsapato zanu zokongolazo mu mtengo wa mangowo."

Iii, mawu amene anatuluka pamenepo! Akuti dzuwa lakwera kwambiri. Akuti zitsulo za pachitsime zasokoneza makina. Akuti chinthu chokwiriridwa lero sichimveka, chimafunika chigone m'nthaka zaka. Akuti pali munthu wa mtima woipa pakati pathu, ndipo ponena izi ankaloza ine ndi chibwano. Chodabwitsa n'chakuti anthu ambiri anamukhulupirira. Njala, mwana wanga, imatseka makutu. Ndipo woyamba kundiukira anali Zakeyu.

"Mesitiri, inu kumapeto kwa mwezi mumalandira ufa wa boma. Ine Luwiza akutupa, mwamuona. Njira ya kwathu ndimaidziwa, ndinabadwira komweko. Tilekeni tipite. Ndikafa ndafa ine, si inu."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Mwana ndinali nditamuona. Ndinalibe golide womupatsa, ndinalibe chimanga, ndinali ndi chitini chafumbi basi. A shefe anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso, kenako anati ulendo ulipobe, mwina makina amachita bwino kutchire kopanda zitsulo. Anandiuza kuti nditsegule bokosi la zida.

Bokosi limenelo linali lathabwa, lalikulu, mokhala mapikareta, zingwe ndi mafosholo athu onse. Ndinapita n'kukhalapo. Sindinakonzekere, miyendo inangonditengera pamenepo. Ndinati, "A shefe, nyali yazima tonse tikuona. Ine sinditsitsa munthu. Mukafuna zidazi mundichotse kaye pano."

Iwe Tomé sungamvetse kuti mawu amenewo anali otani masiku amenewo. Kukana lamulo pamaso pa anthu ndi asilikali, nkhondo ili mkati, kunali ndi dzina lake, sabotaji, ndipo munthu wopatsidwa dzina limenelo ankakwezedwa lole osadziwika kobwerera. Amako anali ndi pakati pa mlongo wako wamkulu. Msilikali wina anali atayamba kale kundiyandikira. A shefe anandiyang'ana, kenako anakweza dzanja kumuletsa. Anatembenukira kwa mwini makina nalankhula mofatsa, m'Chipwitikizi chawo chosalala chija.

"Senyoro Amadeu, tichite chonchi. Mawa asilikali akuperekezani mpaka pamene njira yoipa iyambira. Kuchokera apo mupite nokha ndi makina anu, mukagwire chitseko cha kantina, mubwerere. Mukabwerako, birigada iponda m'mapazi mwanu, ine patsogolo."

Senyoro Amadeu anati palibe vuto, vuto lingakhale kuti? Koma dzuwa lisanapendeke anapeza kuti mapilya, mabatire a makina, afooka, ndipo mapilya a mtundu umenewo amapezeka ku Tete kokha. Koluna ikubwerera ku Tete anakwera nawo, bokosi lake pamiyendo. Mpaka lero akugulabe mapilya.

Musaganize kuti anthu anandiimbira m'manja. Ambiri ankati mesitiri wathamangitsa mwayi wa boma lonse chifukwa cha nsanje. Amako akapita kotunga madzi anzawo ankasiya kulankhula. Chitsime cha kuseri kwa chipatala tinachimaliza, madzi anatuluka abwino, koma madzi si chimanga. Luwiza anamwalira mvula yoyamba isanagwe. Ndinapita kumaliro, ndinathandiza kukumba manda ndi pikareta ya birigada, koma Zakeyu sanandiyang'ane kumaso. Pansi pa dzenje sanaimbenso. Zimenezo zinandipweteka kuposa mawu onse a anthu, ndipo usiku wambiri ndinkadzifunsa ngati golideyo analipodi.

Ntengo-Wambalame, zaka zotsala za nkhondo

Pasanapite nthawi a shefe anandiitananso. Anati munthu amene wakana lamulo pagulu sangapitirire pansi pawo, apo ayi mawa aliyense akhala pa bokosi lake. Ananditumiza ku Tsangano, ku Ntengo-Wambalame. Koma chifukwa chimene anauza akuluakulu chinali chakuti kumeneko kukufunika mmisiri wa zitsime. Mawu oopsa aja sanawatchule paliponse. Ponditsanzika anandigwira dzanja ndi manja awiri nati, m'Chichewa chawo chothyokathyoka, "Mesitiri, nyali ija musasiye." Ndinamva pambuyo pake kuti anafera pa koluna ina yomwe inawotchedwa pa njira ya ku Tete. Munthu ameneyo akanatha kundiwononga ndi mawu amodzi, ndipo anali ndi chifukwa, koma anasankha kumeza manyazi ake. Mukamapemphera muzimutchula.

Ku Ntengo-Wambalame kunali kuzizira koti pikareta inkaluma m'manja m'mawa, koma kunali mbatatesi ndi nyemba, ndipo malire anali pafupi. Nkhondo itafika kumenekonso tinawolokera ku Malawi ndi anzathu onse, ndipo kumsasa wa othawa nkhondo ndinapitiriza kukumba zitsime. Iwe unabadwira kumeneko. Anthu a timitengo ta mphanda ndinakumana nawonso, ena anali anthu abwino okhulupirira ndi mtima wonse zimene ankachita. Ndinkawapatsa mpando monga ankachitira a mesitiri, ine n'kupita kukafunsa amayi pamene nthaka imachedwa kuuma. Za Zakeyu sindinamve kalikonse zaka zonsezo, kaya ali moyo kaya anafa.

Mtendere utabwera

Titabwerera ku Ntengo-Wambalame ndinayambiranso ntchito, kukonza zitsime zimene zinagumuka ndi zimene munatayidwa zinthu zosayenera kutchula. Masana ena ndili pakhonde ndikuluka chingwe, ndinaona munthu akukwera chitunda cha kwathu, fumbi mpaka m'mawondo, kathumba paphewa. Imvi zinali zitamera, koma kayendedwe ndinakadziwa. Ndinaimirira chingwe chili m'manja, osadziwa ngati wabwera ndi mtendere kapena ndi mlandu wa mwana wake.

"Mesitiri, muli moyo?"

"Ndili moyo, Zakeyu. Kaya iwe?"

Amako anamupatsa madzi, anamwa, anakhala pa mpando. Anandiuza kuti atabwerera kwawo kunafika masapadori, akatswiri ochotsa mina, ndipo iye analembedwa ntchito yowadulira tchire ndi kuwanyamulira madzi. Anati anthu amenewo makina awo amamva chitsulo pokhapokha ali pamwamba pake penipeni, ndipo m'mawa uliwonse amayamba awayesa pa kachitsulo kodziwika asanalowe m'munda. Amayenda chogwada, kukanda nthaka pang'onopang'ono, tsiku lonse malo oti nkhuku ingadumphe. "Amatsitsa nyali, mesitiri," anatero, ndipo kanali koyamba kumuona akumwetulira chichokereni chaka cha chilala chija. Njira ya ku kantina masapadori anaipeza yodzala mina. Ina inali pa njira yachidule ya kumunda kwa bambo ake, imene iye ankati adzatidutsitsa chifukwa amaidziwa. Ina inali pakhomo penipeni pa kantina. Malo atayera, anyamata a m'mudzi anaswa simenti yonse ya pansi ndi kukumba mpaka kutopa. Anapeza mabotolo a vinyo opanda kanthu ndi chitsulo cha bedi.

Kenako anati Luwiza amamukumbukirabe tsiku ndi tsiku, ndipo zaka zambiri ankati ndine ndinamupha. Ananditchulira ana amene anabadwa pambuyo pake, mmodzimmodzi ndi maina awo, ndipo wamwamuna womaliza anamutcha Fabiyao, dzina la munthu amene iye sanamuonepo, ankangolimva kwa ine pachitsime. Ine pamenepo misozi inali itayamba kale, sindibisa.

"Sindinabwere ndi kanthu, mesitiri," anatero. "Ndabwera kudzakuonetsani izi."

Anapinda buluku lake mpaka m'mawondo, mwendo uwu ndi uwu, natambasula miyendo yake pakhonde panga. Yafumbi, yoonda, ya zipsera za minga, yonse iwiri.

Ndiye Tomé, njinga ndi yako, ndalama ndi zako, ndiwe bambo wa ana tsopano. Ukafuna makinawo, uuze wogulitsayo abwere kuno. Ine ndikwirira mphete ya amako m'munda wa mbatatesi iye atafulatira, ndipo akaipeza ndidzakuthandiza ndekha kukankha njingayo kupita nayo kumsika. Zakeyu anagona kwathu, tinacheza za anthu amene anapita. M'mawa ndinafuna kumukweza galimoto yopita ku Furancungo, poti ulendo ndi wautali ndipo munthu anali atakula. Anakana. Anati akufuna kuyenda.